Makanema a Kuchidikiro

Ndinakulira ku Tsangano, m'banja lolima kachewere ndi nyemba, ndipo kwathu kanema sichinali chinthu choti munthu n'kuchiganizira. Kumsika kunali tizipinda toonetsa makanema, koma munkalowa anyamata okhaokha. Mtsikana akapezeka m'menemo, nkhani inkafika kwa mayi ake mwiniwake asanafike pakhomo. Ine makanema ndinawadziwira ku Tete, kumene ndinapita kukachita kurso ya unamwino. Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anali ndi komputadore, ndipo sankasankha: a ku India, a ku Nigeria, a ku Brazil, a ku China, onse tinkaonera. Titamaliza kurso iye anapeza komputadore ina, yakale ija n'kundisiyira ndi makanema ake onse. Inali yosweka pakona, koma inkayaka.

Ntchito yanga yoyamba ananditumiza ku Chidzolomondo, ku Macanga. Kumeneko midzi ndi yotalikirana, pakati pake minda ya chimanga ndi fodya, ndipo ndinalibe wachibale kapena mnzanga. Ndinkakhala m'kanyumba kuseri kwa chipatala. Chapafupi panali nyumba ya chidikiro, kumene amayi oyembekezera ochokera kutali ankabwera kudzakhala masiku awo akayandikira, kuti matenda akayamba asawapezere panjira. Ankaphika okha, kuchapa okha, ndipo nthawi yotsalayo ankangokhala pamkeka kuyang'ana msewu. Pakati pa sabata ndinkawapima, kuwafunsa ngati mwana akugunda, basi. Lamlungu masana, ngati kulibe wodwala, ndinkadzitsekera m'nyumba n'kuonera kanema ndekha. Ndinali ndi kapaineli kanga ka dzuwa kamene ndinkaika padenga, ndipo moto wake unkakwana kanema mmodzi.

Lamlungu lina ndinkaonera kanema wa ku India. Munali mtsikana amene makolo ake anamuletsa kukwatiwa ndi mnyamata wosoka nsapato, ndipo atafika polira analira ngati wafedwa, nyimbo ikumuthandiza. Inenso misozi inali itayamba kutsika. Kenako ndinamva kutsokomola pakhonde.

Nditatsegula chitseko ndinapeza amayi anayi a kuchidikiro atakhala pansi, miyendo atatambasula, mitu atazolika. Patsogolo pawo panali amayi ena a duku lofiira, aakulu thupi ndi mawu omwe, amene ana awo kumudzi anali atakwana kale kudzaza mphasa. Anandiyang'ana m'maso n'kuona misozi ija.

"Pepani, enfermera," anatero motsitsa mawu, poti kumeneko namwino amamutchula choncho. "Tamva kulira. Uthengawu wachokera kwanu ku Tsangano?"

Ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa komputadore ija, n'kuwaonetsa mtsikana uja akulirabe pansi pa mtengo. Anayang'ana kanthawi, kenako amayi a duku lofiira anaseka mpaka kugwira mimba ndi manja awiri.

"Ife tadzuka movutikira chonchi kubwera pamaliro a Mmwenye wa m'galasi! Nanga akuliranji?"

Ndinawafotokozera.

"Wosoka nsapato ndiye vuto? Nsapato savala kwawoko? Ayi, khalani pansi, tione mathero ake. Ndipo inu musamalire nokha m'nyumba, enfermera. Si bwino."

Lamlungu lotsatira ndinanyamula komputadore kupita nayo kuchidikiro. Tinatchinga mazenera ndi makapulana, nsalu zimene amayi amavala m'chiuno, n'kuika komputadore pa chidebe chovundikira. Makanema ambiri anali ndi mawu a Chipwitikizi olembedwa pansi, ndipo ine ndinkawerenga n'kumamasulira. Poyamba ndinkachita manyazi. Mwamuna ndi mkazi akayandikizana ndinkathamangitsa kanemayo, kapena kunena kuti akukambirana za kumunda. Amayi a duku lofiira anandigwira tsiku loyamba lomwelo.

"Bwezani m'mbuyo. Musatibisire, enfermera. Mimba mukuzionazi sitinazitenge kuchitsime."

Kuyambira pamenepo ndinkamasulira zonse.

Amayi a kuchidikiro sakhalitsa. Wina amabereka n'kupita, wina n'kubwera. Koma mbiri inkapita kumidzi, moti wobwera kumene ankafunsa asanayale n'komwe mkeka kuti Lamlungu kuli kanema wanji. Ndipo gulu lililonse linkaonera mwa njira yake, kotero kanema amene ndinali nditamuonera kale ku Tete ankasanduka watsopano.

A ku Nigeria ankawakonda chifukwa munali apongozi ovuta ndi akazi a mitala, ndipo nkhani zimenezo sizinkafuna womasulira. Pa kanema wina mpongozi wachikazi anathira mchere wambiri m'ndiwo za mkazi wa mwana wake kuti amuchititse manyazi pamaso pa alendo. Chipinda chonse chinawira. Wina anati apongozi ake anamuchitapo zofanana ndi zimenezo, wina anati iye akanawadyetsa ndiwo zonsezo mpaka mphika kuyera. Ndinaimitsa kanema kudikira kuti atonthole, ndipo tsiku limenelo moto unatha tisanafike kumapeto.

A ku China omenyana ankati amadzutsa ana m'mimba. Ndi okhawo amene amuna obwera kudzaona akazi awo ankakanirira pazenera, akusuzumira pampata wa kapulana, chifukwa m'kati sitinkawalola. Wa ku Brazil amene ndimamukondabe mpaka lero anali wa mmeti wina amene anauza anthu kuti amadziwanso kukonza mawailesi, ndipo wailesi iliyonse imene ankaigwira inkayamba kulankhula za kutchalitchi zokhazokha. Mayi wina anaseka mpaka ndinachita kumutulutsa panja kuti apume. Kanema wina wa ku America anali wa anthu amene anakwera chombo kupita kumwamba kwa nyenyezi, n'kumayandama m'kati ngati nthenga. Ine ndinkamukonda chifukwa cha kukongola kwa dziko lapansi akaliona ali kutali, koma amayi aja funso lawo linali limodzi.

"Nanga akafuna kutaya madzi amatani?"

Sindinkadziwa, ndipo anandiuza kuti ndikafunse kwa aprofesora a kusukulu. Makanema oopsa, a mizukwa ndi magazi, ndinayesa kamodzi kokha. Amayi a duku lofiira anatseka komputadore ndi dzanja lawo n'kunena kuti zimenezo ndidzaonetse anthu opanda kanthu m'mimba.

Amayi amenewa anakhala nthawi yaitali kuposa anzawo chifukwa anali atalakwitsa kuwerenga miyezi. Ndiwo ankasankha kanema, ndiwo ankakhazika anthu, aafupi kutsogolo, ndipo wobwera mochedwa ankamufotokozera zimene zadutsa, akuwonjezamo zawo.

Nyengo ya mvula itayamba, fodya ali m'mawondo, kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera kutsidya kwa mtsinje umene ukadzaza suwolokeka. Anabwera msanga kwambiri, masiku ake akadali kutali. Pomupima ndinamva kuti iyi inali mimba yachitatu, ndipo ana awiri oyambawo anabadwira kunyumba ali chete, opanda moyo. Anayankha mafunso anga akuyang'ana pansi. Kuchidikiro ankaphika payekha, kudya payekha, ndipo pa kanema ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anzake akamaseka iye ankangoyang'ana.

Lamlungu lina, makanema aphokoso titawamaliza onse, ndinaika wina amene ndinkamukonda ndekha koma ndinkadziwa kuti ndi wozizira. Anali wa dziko lina la kumpoto kwa Ulaya, kumene kumagwa neve. Ndinawafotokozera kuti neve ndi madzi oundana, oyera ngati ufa, ofanana ndi chisanu chimene chimayala paudzu kwathu ku Tsangano mwezi wa Junho, koma kumeneko chimakwirira msewu ndi nyumba zomwe. Munali mayi wina woyendetsa galimoto yotolera mkaka m'makhola a anthu. Ankadzuka, kutenthetsa injini, kuyenda, kutsitsa zigubu, kubwerera kunyumba kumene ankakhala yekha. Tsiku lina galimoto inatitimira, ndipo nyumba yapafupi inali ya bambo wina wokalamba amene anayambana naye kalekale. Anayenda wapansi mpaka kukagogoda. Bamboyo anatsegula, anamuyang'ana, anamupatsa mpando pafupi ndi moto, n'kumuthirira tiyi. Kenako anavala chijasi, n'kukaliza thirakitala yake kukakoka galimoto ija. M'kanema monsemo mawu anali ochepa moti ine womasulira ndinapuma.

Amayi aja anatopa naye. Wina anagona, ena anatuluka kukaona nyemba pamoto. Amayi a duku lofiira anati, "Azungu awa adana ndi kulankhula? Kanema wanji wopanda ngakhale ukwati?" Nawonso anatuluka.

Kanema atatha ndinatembenuka kuti ndichotse makapulana, n'kupeza mayi wa kutsidya uja ali pomwe paja, atasendera kutsogolo pang'ono.

"Watha?" anafunsa. Aka kanali koyamba kundilankhula ndisanamufunse kanthu.

"Watha. Wakusangalatsani?"

Anati, "Bambo aja sanamufunse chilichonse."

"Ee, sanamufunse."

"Kwathu munthu ukangokhala pansi amayamba. Unadya chiyani, unapita kwa yani, unalakwira yani. Ngakhale obwera kudzakupepesa amafunsa." Anakonza kapulana wake. "Mudzandionetsenso."

Ndinamuonetsanso Lachitatu masana kunyumba kwanga, ntchito itachepa. Ndinaphika tiyi, tinamwa, ndipo sindinamufunse kanthu. Anabweranso sabata yotsatira. Tinaonera wina wa ku Korea, wa agogo aamuna amene ankaphunzira kuphika mkazi wawo atadwala, ndi wina wa ku Senegal wa mkazi wogulitsa nsalu pa siteshoni ya sitima. Iye ankakonda makanema amene anthu ake akugwira ntchito ndi manja. Ankaona zinthu zimene ine ndinkazidumpha chifukwa maso anga ankakhala pa mawu olembedwa pansi: mmene agogo aja ankagwirira mpeni ngati munthu woopa kudzicheka, kapena kuti wogulitsa nsalu uja ankabisa nsalu yokongola kwambiri pansi pa zinzake kudikira wogula amene wamukonda. Pang'onopang'ono anayamba kudya ndi anzake. Amayi a duku lofiira, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anamutenga ngati mng'ono wawo, ndipo sindinawamvepo akumufunsa za ana aja.

Amayi a duku lofiira anabereka mwana wamkazi m'mawa wina mosavuta, akundiuza ine zochita. Amuna awo anabwera ndi njinga kudzawatenga. Ponyamuka anagwira dzanja mayi wa kutsidya uja n'kunena kuti, "Iwe usaope. Ukadzamva kupweteka udzakuwe ngati Mmwenye uja, enfermera adzabwera."

Tsiku la mayi wa kutsidya uja linafika mvula itagwa usiku wonse. Matenda anayamba m'mawa, koma dzuwa linafika pamutu mwana asakutsika. Nditamvetsera mtima wa mwana ndinaona kuti ukuchepa mphamvu. Ine ndi mnzanga wa ntchito tinagwirizana kuti apa pakufunika opareshoni, ndipo tinaitana ambulansiya kuti timutengere kuchipatala chachikulu cha kuboma. Amuna ake anali kutsidya, mtsinje utadzaza. Panalibe wachibale woti apite naye, choncho ndinakwera ine.

Msewu unali phala lokhalokha. Galimoto inkatsetsereka, oyendetsa akulimbana ndi chiwongolero, ine nditagwada pambali pa machira, dzanja limodzi litagwira botolo la madzi a m'mitsempha. Mayi uja sanakuwe. Anandigwira malaya a ntchito mwamphamvu, milomo itauma. Pamalo ena otsika galimoto inalowa m'matope n'kuima. Oyendetsa anatsika, ndipo ndinawamva akuitana anthu amene ankapalira fodya m'munda wapafupi.

"Enfermera," anatero mayi uja, "uyunso apita?"

Kusukulu anatiphunzitsa kuti tisamalonjeze zimene sitingathe. Ndinati, "Mtima wake ukugunda. Ndaumva pompano."

Anatseka maso. Ululu utadutsa anati, "Ndiuzeni za mayi wa mkaka uja."

Ankamudziwa kanemayo kuposa ine, koma ndinayamba kuyambira pachiyambi. Ndinanena za kudzuka kukadali mdima, za injini yokana kulira, za zigubu. Ndikalumpha kanthu ankandikonza ndi mawu otsika.

"Mwaiwala galu."

"Ee, galu wa pakhola lachiwiri, amene ankamuuwa tsiku lililonse ngati samudziwa."

Panja anthu anali atafika ndi makasu. Ndinkamva akudula nthambi, akuponya miyala pansi pa matayala, wina akuwerengera anzake kuti akankhe pamodzi. Galimoto inagwedezeka, inabwerera, inagwedezekanso, kenako inatuluka. Pazenera ndinaona amuna ndi akazi matope mpaka m'chiuno akutikweza manja kuti pitani, pitani. Sindinawadziwe ndipo sindinawaonenso.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anamulowetsa m'chipinda cha opareshoni nthawi yomweyo, ine n'kukhala pabenchi panja. Patapita nthawi namwino wa kumeneko anatuluka n'kundiuza kuti ndi mwana wamwamuna, anachedwa kulira koma walira, ndipo mayi ake ali bwino. Ndinapita kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi thanki ya madzi, n'kulira mokwanira.

Anabwerera ku Chidzolomondo patatha masiku, ndipo anakhalanso kuchidikiro kudikira kuti bala lipole ndi kuti mtsinje uphwe. Lamlungu limenelo anakhala kutsogolo, mwana ali pabere. Amayi atsopano ankafuna kanema wa ku India, ndipo ndinaika wa mtsikana ndi wosoka nsapato uja. Pofika pa nyimbo ya ukwati mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira mokweza kuposa ng'oma za m'kanemamo. Wina anati amutulutse panja. Mayi ake anati, "Musiyeni alire. Ine ndikufuna ndizimumva." Palibe anatsutsa, ndipo tinaonera ukwati wonsewo mwana akulira.

Amuna ake atabwera kudzamutenga anandibweretsera nkhuku ndi maungu. Anali munthu wamanyazi, chipewa chili m'manja. Anati, "Obrigado, enfermera. Akuti munkawaonetsa zithunzi." Ndinati ee. Anagwedeza mutu ngati ndi mankhwala ena amene sakuwadziwa dzina.

Ndinakhala ku Chidzolomondo zaka zingapo, kenako anandisamutsira ku Ntengo-Wambalame, kufupi ndi kwathu. Komputadore ija inafa ndisanasamuke. Tsiku lina inangokana kuyaka, ndipo wokonza wa kuboma anati palibe chochita. Makanema ena ndinawapezanso, ena ayi. Wa mkaka uja ndinamufunafuna osamupeza, poti dzina lake linali la chilankhulo chimene sindinkatha kuchitchula, ndipo sindinalisunge. Amene ndili naye ndi wa m'mutu, pamodzi ndi zimene mayi uja ankandikonza.

Masiku ano amayi ambiri obwera kuchidikiro amakhala ndi foni, kapena mnzawo ali nayo, ndipo amaonera makanema omasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a kutsidya kwa malire, amene amaika nthabwala zawo kuposa mmene ndinkachitira ine. Safunanso enfermera wowawerengera. Ine ndinakwatiwa ndi mphunzitsi amene amakonda makanema a nkhondo ndi a apolisi, ndipo timakangana mwamtendere pa zoti tionere. Ndikapeza mpata Loweruka ndimakwera mota, njinga yamoto, kupita ku Tsangano kwa amayi anga, amene tsopano miyendo ikuwavuta ndipo kumunda anasiya. Kanema woyamba m'moyo wawo anamuonera pa foni yanga, atakhala pakhonde, matumba a kachewere ali pambali. Anali wa ku Japan, wa banja lina lolima mpunga m'mapiri. Anaonera mwachidwi, kenako analoza ndi chala.

"Mizere yawo ndi yowongoka bwino," anatero. "Koma abzala mothithikana. Auze apatulire."